Kaseti ya Jacinta ndi Pemphero la Bambo Ake

Loweruka lina m'nyengo yogulitsa fodya, zaka zija maminibasi atangochuluka m'misewu ngati ngumbi mvula itagwa, a Isake Kamwendo, mkulu wa mpingo wa ku Mitundu, anatulukira pa siteji ya Nathenje akukankha njinga, thalauza atalipisa m'sokosi, fumbi lofiira mpaka m'nsidze. Pansi pa mtengo wa pasitejipo anapeza munthu yemwe sankafuna kukumana naye: Mayi Zipora, mphunzitsi wa mwana wawo Jacinta, mayi woopa Mulungu amene mawu alionse ankawalandira monga momwe anenedwera.

Jacinta anali mtsikana wamkulu ndithu, koma mutu wake unkagwira zinthu pang'onopang'ono, ndipo kuwerenga kunamukana. Tsiku limenelo kanali koyamba kuyenda yekha: kukwera minibasi pa Mitundu, kusintha pa mphambano ya ku Bunda, n'kudzatsika pa Nathenje kwa Mayi Agnes ophika masikono, amene anavomera kumuphunzitsa ntchito. Womuperekeza anali kawailesi ka m'manja ka kaseti, m'mene aphunzitsi anajambulamo mawu awo omukumbutsa chochita. Pangano linali lakuti akafika yekha azibwera Loweruka lililonse; akasochera, a Isake anali atanenetsa kuti sadzatulukanso pakhomo popanda womugwira dzanja. Pangano lomwelo linatinso bambo ake tsikulo akhale kunyumba.

"Bambo a Jacinta! Mwadzuka bwanji?" anatero Mayi Zipora akupinda maondo pang'ono.

"Tadzuka, kaya inu aphunzitsi?" A Isake anayankha maso ali kumsewu wochokera ku Lilongwe.

"Tadzuka. Koma paja tinagwirizana kuti lero mukhala pakhomo."

"Ine ndili pa ulendo wanga. Kodi msewu uno anaugula a sukulu?"

"Ayi, ndi wa boma."

"Ndiye basi."

"Ulendo wa kuti?"

A Isake anatsokomola. Munthu amene wakhala akutsogolera mapemphero zaka zambiri, bodza silimutulukira msanga. Limayamba lakakamira pakhosi.

"Ndabwera kudzazonda wodwala."

"Kalanga ine! Ndani?"

"Mkhristu mnzathu."

"Dzina lake? Ine kuno n'kwathu, ndinabadwira kuseri kwa chigayo uko. Palibe khomo limene sindilidziwa."

A Isake anafufuza m'mutu dzina limene silingasowe pamalo pokhala anthu.

"A Gilibati."

"A Gilibati osoka nsapato, kapena a Gilibati a ngolo?"

"A ngolo."

"Mayo! Dzulo lomweli ndinawaona akukweza matumba a chimanga ali bwinobwino! Chawagwera n'chiyani?"

"Thupi basi."

"Thupi lonse?"

"Lonse."

"Ndiye zafika povuta. Musachedwe, bambo. Mudutse apa, mukapeza mjigo mukhotere kumanja, muona nyumba yokhala ndi khola kutsogolo. Pitani, mwanayu ndimudikira ine."

"Ndipume kaye."

"Mukapumira komweko. Ali ndi mipando."

"Aphunzitsi, ndachokera ku Mitundu pa njinga, kudzera njira za m'midzi, nkhuku zisanatuluke m'khola. Miyendo iyi si yachitsulo."

"Ndiye ndibwerekeni njingayo ndikawauze kuti mkulu wa mpingo ali m'njira. Mtima ukhala pansi."

"Musakawadzutse! Akugona."

"Mwadziwa bwanji poti simunafikeko?"

"Odwala amagona."

Mayi Zipora anaganiza pang'ono, n'kuvomera ndi mutu. Zimenezo zinali zoona, ndipo iwo ndi zoona sankalimbana nazo.

Minibasi ina inaima ndi phokoso, kondakitala atalendewera pachitseko akuitanira a ku Dedza. A Isake anatambasula khosi ngati nkhanga. Anatsika mayi wa dengu la nthochi, bambo wa khasu latsopano, ndi gogo wa ambulera. Jacinta munalibe.

"Mwaona?" anatero a Isake.

"Ndaona. Gogoyo watsika movutikira."

"Mwana wanga mulibe!"

"Nthawi yake sinakwane. Koma inu mukuonekatu ngati mukudikira munthu."

"Ndikungoona anthu a Mulungu mmene akuyendera." Anatsamiritsa njinga pamtengo. "Koma poti takumana, aphunzitsi, ndikufunseni. Kachitsulo kodya mabatire kangaperekeze mwana wa munthu? Kali ndi maso? Galimoto ikamabwera kangamukoke dzanja?"

"Maso ali ndi Jacinta. Kawailesiko kamangomukumbutsa. Mabatani ndinawapaka penti: lobiriwira ndi loyankhulitsa, lofiira ndi lozimitsa. Akadina lobiriwira amamva mawu anga: 'Jacinta, ukaona msewu waukulu ndi amayi ogulitsa tomato, uza kondakitala kuti nditsika pano. Tsopano dina lofiira.' Akachita zimenezo amadinanso, n'kumva chotsatira. Chinthu chimodzi nthawi imodzi. Tayenda naye njira imeneyi kangapo, iye kutsogolo, kawailesi kukhutu, ine kumbuyo."

"Inu kumbuyo."

"Eya."

"Lero kumbuyoko kuli ndani?"

"Kulibe. Kuyenda yekha n'kumeneko."

A Isake anavula chipewa n'kuyamba kuchipinda m'manja. Sanali munthu wouma mtima ayi. Ndi iwo amene anamubereka Jacinta kumsana kupita naye kuchipatala pamene malungo aakulu anamugwira ali wakhanda, ndipo ndi iwo amene ankakhala naye pakhonde kumuphunzitsa nyimbo za kutchalitchi, mzere umodzi mpaka ulowe. Zonse zimene bambo angachitire mwana ankazitha, kupatula chimodzi: kumusiya dzanja.

"Dziko lasintha, aphunzitsi. Chibwerere matipate aliyense akungochita zake. Madalaivala awa akuthamanga ngati akuthawa tsiku la chiweruzo. Mwana ngati ameneyu amafunika munthu pambali pake. Ine ndikadzapita kwa Atate, adzamuyendetsa ndani?"

"Funso limenelo ndi limene ndinadzifunsa ine pogula mabatire."

"Sindikufunsa kuti mundiyankhe!"

"Pepani. Ndimayesa ndi funso."

Nthawi yomweyo kunamveka mluzu ndi kulira kwa mateyala. Ngolo inatulukira kuseri kwa magolosale, ndipo pamwamba pa matumba panaima bambo wojintcha ngati tsinde la mbawa, akudya nzimbe.

"A Gilibati!" Mayi Zipora anaomba m'manja. "A Gilibati, mwachira?"

Bamboyo anakweza nzimbe m'mwamba osamva n'komwe chimene wafunsidwa, ngolo n'kupitirira.

"Ambuye alemekezeke! Bambo a Jacinta, taonani! Munthu wodwala thupi lonse, ndi uyo akudya nzimbe! Inu musanaponde n'komwe pakhomo pake! Mawa ndikachitira umboni m'tchalitchi."

"Ayi, ayi, musavutike."

"Ntchito za Mulungu sitibisa. Ndikatchula ndi dzina lanu lomwe."

"Dzina langa lisiyeni! Ulemu upite kumwamba kokha."

A Isake anawayang'ana aphunzitsiwo kuti aone ngati akuwanyogodola, koma nkhope yawo inali yowala ndi chimwemwe chenicheni. Manyazi anawagwira mkuluyo, ndipo monga mwa chizolowezi chawo anawafunditsa ulaliki.

"Pemphero limatsogola, aphunzitsi. Limafika kumene mwini wake sanafike."

"Ameni."

"N'chifukwa chake m'kawailesi kanu muja ndaikamo lina."

Manja a Mayi Zipora anaima m'malere.

"Mwaikamo chiyani?"

"Pemphero. Dzulo madzulo ndinamvetsera mawu anu onse. Kwera apa, tsika apo, dina ichi, dina icho. Dzina la Mulungu osalitchula ngakhale kamodzi! Mwana wa mkulu wa mpingo anyamuke ulendo ngati wakunja?"

"Tinapemphera naye m'kalasi Lachisanu."

"La Lachisanu linagwira ntchito yake Lachisanu."

"Koma mwaliikamo bwanji? Batani lojambulira ndinalimata ndi pulasitala."

"Ndinamatula."

"Ndinamata kuti mwana asadine!"

"Nanga ine ndine mwana? Ndinaonera kwa a kwaya mmene amachitira. Mumabweza kaseti kumayambiriro, n'kudina mabatani awiri pamodzi."

"Kumayambiriro?"

"Mumafuna pemphero libwere ulendo utatha? Choyamba Mulungu."

"Ndiye mawu anga aja..."

"Mawu anu alimo, musadandaule. Angosunthira kutsogolo."

"Asunthira?"

"Monga pa benchi m'tchalitchi. Akalowa munthu wamkulu ena amasunthirana, onse n'kukwana."

"Bambo a Jacinta, kaseti si benchi. Mawu atsopano akalowa, akale amafufutika."

"Amafufutika bwanji? Ine sindinafufute kanthu. Ndinangopemphera."

"Atsopanowo amakhala pamwamba pa anzawo."

"Ndiye kuti anzawowo ali pansi. Alimo."

"Mulibe!"

"Apita kuti?"

Kumene mawu ofufutika amapita Mayi Zipora sankakudziwa, ndipo sanali munthu wonena chimene sakuchidziwa.

"Sindikudziwa kumene apita."

"Mwaonatu! Simukudziwa."

"Koma ndikudziwa kuti mulibe. Taimani, tione bwinobwino. Ngati pempherolo linali lalifupi, lafufuta za pa Mitundu zokha, ndipo pa Mitundu amukweza ndi mayi ake. Munapemphera motalika bwanji?"

"Mwachidule."

"Munati chiyani?"

"Ndinayamba ndi kuthokoza chifukwa cha mvula ya chaka chino."

"Kenako ulendo?"

"Kenako mitengo ya fodya ku okushoni, kuti ogula afewe mitima. Kenako abusa athu ndi banja lawo. Amayi a Chigwirizano. Achinyamata, makamaka amene ayamba kuvala ndolo."

"Kenako ulendo?"

"Kenako boma. Ndi otsutsa boma omwe, poti masiku ano nawonso ndi ololedwa."

"Pa ulendo wa Jacinta munafikapo?"

"Ndinali pafupi. Ndinali nditamaliza madalaivala, ndili pa makondakitala, kachitsulo kanu kanangoti thapu, n'kuima."

"Kaseti inatha."

"Mbali imodzi yokha. Ndinatembenuza."

Mayi Zipora anakhala pansi pa muzu wa mtengo uja, osayala n'komwe chitenje.

"Mbali yachiwiri inali ya ulendo wobwerera."

"Umenewo ndiye ndinaupempherera kwambiri."

Minibasi ina inaima, kutsitsa munthu ndi mbuzi yake, n'kunyamuka. Aphunzitsi anaiyang'ana mpaka inapita, kenako anayankhula motsitsa mawu, ngati munthu wofunsa za maliro.

"Bambo a Jacinta, ndifunseko chimodzi. Mwana wanu pa pemphero amatani?"

Apa a Isake anatukula chifuwa, poti anafunsidwa pamene ankanyadira.

"Amatsinzina, n'kuweramitsa mutu. Ndinamuphunzitsa ndekha. Ngakhale mbuzi ilowe m'tchalitchi, ngakhale denga lisasuke, Jacinta satsegula maso mpaka amve Ameni. Ana a abusa omwe samufika."

"Ameniyo ali pati pa kasetipo?"

"Kumapeto, nanga angakhale pati?"

"Munamunena kaseti ikuzungulira, kapena itaima?"

A Isake anakumbukira bwinobwino mmene zinayendera. Kachitsulo kaja kanati thapu kachiwiri iwo ali pakati pa amasiye ndi akaidi, ndipo poti munthu sasiya pemphero panjira chifukwa cha chitsulo, anapitiriza mpaka kumapeto, n'kutseka ndi Ameni wamphamvu amene anauwitsa galu wa pakhomo.

"Ameni ndinamunena."

"Kaseti itaima."

"Mulungu anamva."

"Mulungu anamva, koma Jacinta samumva. Ndiye kuti pakali pano mwana wanu ali m'minibasi, maso ali chitsinzinire, akudikira Ameni amene mulibe."

Chipewa chinagwa m'manja mwa a Isake, ndipo sanachitole.

"Minibasi za ku Mitundu zimathera kuti?"

"M'tauni, ku depoti."

"Ku depoti! Kwa akuba kuja!"

"Ngati sanatsike pa mphambano. Ngati anatsika n'kukwera ya kuno, imeneyo imakathera ku Dedza. Zina zimapitirira mpaka ku Ntcheu."

"Musanditchulire Ntcheu!"

"Mwafunsa kumene zimathera."

"Ndi kachitsulo kanu kameneka! Ndinanena ine kuti zinthu za mabatire sizingalere mwana!"

"Kawailesi kachita zimene munakauza."

"Mukanandichenjeza kuti m'menemo sapemphereramo!"

"Ndinamata pulasitala."

"Pulasitala ndi wa pachilonda, aphunzitsi! Munthu akaona pulasitala amafuna aone chili pansi pake!"

"Mayi a Jacinta anakuonani mukumatula?"

"A Jenifa asalowe m'nkhani ino. Iwo akudziwa kuti ndili kudimba."

"Kudimba? Paja munati kwa a Gilibati."

"Dimba lake ndi la kutali!"

Asanapitirize, minibasi yoyera ya mzere wabuluu inatulukira pamtunda ili pa liwiro, osaonetsa n'komwe zoti iima. Pawindo la kumbuyo a Isake anaona duku lachikasu limene anagula okha pa msika wa Mitundu, ndipo mutu wovala dukulo unali woweramira pansi.

"Ndi uyo! Jacinta! Ameni! Ameni!" Anathamanga m'mbali mwa msewu manja ali m'mwamba. "Ameni, mwana wanga! Pemphero latha! Tsegula maso! Ameni!"

Amayi ogulitsa kachewere m'mphepete mwa msewu anayankha onse pamodzi, monga aleredwera: "Ameni!" Minibasi inadutsa siteji, n'kukabisika kuseri kwa lole imene inaima patsogolo.

A Isake anabwerera mothamanga n'kudumphira njinga. Mayi Zipora anagwira keriyala ndi manja awiri.

"Ndisiyeni!"

"Mukupita kuti?"

"Ku Dedza!"

"Pa njinga? Simuipeza."

"Ndikaipeza pokwera phiri!"

"Ili ndi injini."

"Ine ndili ndi mwana m'menemo!"

"Tidikire ina, tiitsatire."

"Kudikira! Kudikira kwanuko n'kumene kwatifikitsa pano!"

"Ayi, chatifikitsa pano ndi pemphero."

"Mukunyoza pemphero, mayi inu?"

"Sindikunyoza. Ndikungonena kutalika kwake."

A Isake anaponda pedulo ndi mphamvu zonse za mkulu wa mpingo. Aphunzitsi sanasiye keriyala. Tcheni linaduka, njinga inapendekeka, ndipo mkuluyo anapezeka ali chikhalire m'fumbi, mwendo umodzi uli pansi pa felemu. Sanayese kudzuka. Anayang'ana kumene minibasi inalowera, ndipo anapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene anapempherapo chiwadzozere ukulu wa mpingo.

"Ambuye, mwana wanga."

Palibe mvula imene anaitchula, ngakhale fodya, ngakhale boma.

"Abambo, mwagwa?"

Jacinta anali ataima kumbuyo kwawo, duku lachikasu lili pamutu, kawailesi kakulendewera pakhosi ndi chingwe cha ulusi. Anawerama n'kuyamba kuwasasa fumbi paphewa.

A Isake anamugwira mkono, kenako nkhope, kenako mkono winawo, ngati akuona ngati pali chimene chatsala m'minibasi. Anafunsa ndi aphunzitsi.

"Jacinta, watsikira pati?"

"Pakhomo pa Mayi Agnes. Ndinamuuza kondakitala kuti andisiye pa uvuni, poti pa siteji pamakhala anthu ambiri. Ndiye pawindo ndinaona abambo akuvina mumsewu."

"Nanga mutu unaweramitsiranji?"

"Mayi wina anandinyamulitsa mwana. Amakoka chingwe ichi."

"Kawailesi kanakuuza chiyani?"

"Ndinadina lobiriwira pa Mitundu. Munatuluka abambo."

"Ndiye unatani?"

"Ndinatsinzina. Anathokoza mvula. Atafika pa fodya ndinadziwa kuti ndi lija lalitali. Lija amayi amayamba aphula ndiwo."

Wina mwa amayi a kachewere anabisa nkhope m'chitenje.

"Ndiye unatani, mwana wanga?"

Jacinta anayang'ana pansi ngati wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Ndinanena ndekha Ameni. N'kudina lofiira."

"Wekha?"

"Motsitsa mawu. Pepani, abambo."

"Nanga njira unaidziwa bwanji, mawu anga mulibe?" anafunsa Mayi Zipora.

Jacinta anaimika chala m'mwamba monga amachitira aphunzitsi ake m'kalasi, n'kuyankhula ndi mawu awo enieni: "'Ukaona msewu waukulu ndi amayi ogulitsa tomato, uza kondakitala kuti nditsika pano. Uwoloke ndi anthu ena. Ufunse kuti, iyi ikudutsa pa Nathenje?' Ndinafunsa. Anati eya. Ndinafunsanso kachiwiri, anati iwe mtsikana takwera."

Mayi Zipora anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo amayi a kachewere analuluta. A Isake, ataona kuti anthu akusangalala, anakonza kolala ya shati ali chikhalire pansi pomwepo.

"Mwaona, aphunzitsi? Pemphero layankhidwa."

"Limene anamva iyeyu ndi la mvula lokha."

"Mulungu anamva lonse, mbali zonse ziwiri."

"Zimenezo sindingatsutse. Ndiye pangano lija lakwana: wafika yekha."

"Yekha bwanji? Ine ndinali pano kumudikira!"

"Inu munabwerera a Gilibati."

Mbali ina kunali pangano limene a Isake anaphwanya, mbali ina kunali bodza limene ananena, ndipo pakati panaima mayi amene anakhulupirira mawu awo onse. Anayang'ana Jacinta, amene anali atatola chipewa chawo n'kumachipukuta ndi chigongono.

"Eya," anatero potsiriza. "Ndinabwerera a Gilibati."

"Ndiye azibwera Loweruka lililonse?"

"Azibwera." Mawuwo anatuluka movutikira ngati chitsa cha m'munda. "Koma kachitsuloko mukajambulenso. Ndipo mumate pulasitala wamkulu."

Anayesa kudzuka, koma maondo amene anapalasa kuchokera ku Mitundu n'kuthamangitsanso minibasi anakana ntchito. Aphunzitsi anayang'ana tcheni loduka, n'kuyang'ana miyendoyo.

"Lero simupalasanso. Njinga isungidwe kwa Mayi Agnes, mubwerere pa minibasi mwanayu akaweruka."

Nkhope ya a Isake inawala mwadzidzidzi, ngati munthu amene wataya mlandu koma wapeza pochitira apilo.

"Zoonadi! Ndipo poti mbali yachiwiri ija inafufutika, pobwerera ndimuperekeza ndine."

Jacinta anawaveka chipewa, anawagwira dzanja n'kuwadzutsa pang'onopang'ono.

"Ayi, abambo, inu mwatopa. Ndikuperekezani ine. Pa mphambano osathamanga, tiwoloka ndi anthu ena."

"Koma mwana wanga, ulendo sitinyamuka osapemphera."

"Mupemphere mmene mungafunire, abambo. Tikafika potsika, Ameni ndikunenerani ine."